Pikiapu ya Miyendo Italiitali

1. Pamtsinje

Lachitatu limenelo kanali kachitatu m'sabata imodzi kuti pikiapu ya Marleny Caal ititimire pamtsinje wa Sebalam. Matayala akutsogolo anali atakwera kale kumtunda, koma kumbuyo kunakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Chitsulo chakumbuyo chinakola mwala, injini inalira, matayala anangozungulira m'matope.

Marleny anazimitsa injini n'kutsamira chiwongolero. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Chichitireni ng'ala maso a bambo ake, a Eusebio, iye ndiye ankayendetsa galimoto ya banjalo. M'mawa uliwonse ankanyamula anthu ndi matumba a khofi kupita kutawuni ya Cobán, madzulo n'kubwerera ndi feteleza, mchere ndi anthu omwe aja. Inali nyengo yothyola khofi, ndipo mvula ya mawawa inali itatha masabata awiri osakata.

"Tsikani, abale," anatero osakweza mawu. "Mukudziwa kale."

Ankadziwadi. Anthu anatsikira m'madzi olekeza m'mawondo, amayi atakwinya masiketi awo. Anatsitsa matumba asanu ndi limodzi n'kuwasenzera kumtunda. Marleny anasenza nawo. Thumba lililonse linkatsala pang'ono kulemera ngati iye mwini.

Ali mkati mokankha, kumbuyo kunalira hutala. Anali Rigo, mnyamata wa m'mudzi momwemo, amene nayenso ankanyamula anthu pa pikiapu ya amalume ake.

"Mayi Marleny!" anafuula atatulutsa mutu pawindo. "Mukuichapa kapena mukuiphunzitsa kusambira?"

"Iwe Rigo, pakamwa pakopo pakanamakankha galimoto, bwenzi tili ku Cobán."

"Ine ndikungomva chisoni. Galimoto ikuyenda chokhala pansi ngati galu wa njoka zam'mimba. Amene akufuna kufika lero, malo alipo kuno!"

Anthu anayi anatenga mitolo yawo n'kupita, osayang'ana Marleny kumaso. Amene sanasunthe anali a Doña Petrona, mayi wachikulire wogulitsa mazira pamsika. Anakhala pamwala, dengu lili pamiyendo.

"Ine galimoto iyi ndinayamba kuikwera iwe uli kumsana," anatero. "Ndidikira."

Anafika ku Cobán dzuwa litapendeka. Wogula khofi ananunkhiza m'thumba limodzi n'kupukusa mutu. Khofi wothyola dzulo akachedwa kufika pamakina amayamba kusasa. Anamulandira, koma moipidwa.

Madzulo Marleny anadya totiya, zitumbuwa zopyapyala za chimanga, ndi nyemba akusinza. Bambo ake anamva mmene anakhalira pampando.

"Yakhalanso pansi?" anafunsa a Eusebio.

"Eya, bambo."

"Masipuling'i atopa. Mawa usanyamule munthu. Upite nayo kwa makaniko Anacleto, ndipo chimene akakuuze ukachite."

2. Kwa a Don Anacleto

Galaja ya a Don Anacleto inali kuseri kwa msika, pansi pa malata adzimbiri. Mwini wakeyo anali nkhalamba yowonda, ya manja akuda ndi oilo wa zaka zambiri. Anayala katoni pansi, n'kukwawira kunsi kwa galimoto. Anagogoda masipuling'i ndi sipanala.

"Ukumva? Chitsulo chamoyo chimalira ngati belu. Ichi chikutsokomola."

Atatuluka anapukuta manja n'kufotokoza. Masipuling'i akumbuyo, zitsulo zosanjikiza zija, anayenera kukhala opindika ngati uta. Awa anali atawongoka ngati thabwa. Mashoko nawo anali atatha mafuta, sankagwiranso galimoto ikamanjanja.

"Ndiwamasula, ndiwapindanso, ndiwonjezera chitsulo chimodzi mbali iliyonse. Mashoko atsopano ndiitanitsa. Ikwera zala zitatu, ndipo ukaisenzetsa siidzagwadanso. Udzaitenge Lolemba."

"Lolemba?" Marleny anadzidzimuka. "A Don Anacleto, lero ndi Lachinayi! Anthu akuthyola khofi."

"Mashoko akuchokera kulikulu. Alibe mapiko."

Marleny anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha pikiapu yofiira, yaitali ngati nkhokwe.

"Nanga tikangoikweza chonchi? Akuti kugalaja ya Byron amachita tsiku lomwelo."

Nkhalamba ija inayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Kenako inakoka chigubu chopanda kanthu.

"Khala apa, mwanangu, ndikuuze. Ine ndagwira galimoto za m'mapiri muno zaka makumi anayi. Msinkhu wa galimoto umasankhidwa poona ntchito yake, osati poona chithunzi. Ya pafoni yakoyo imanyamula mwini wake ndi chipewa chake basi. Yako imanyamula matumba khumi ndi awiri, ndi anthu oimirira pambali pake. Unasenzapo mtsuko pamutu potsika phiri loterera? Ukapendekeka pang'ono, mtsuko umakukoka. Katundu yemweyo ukamukumbatira pamimba, umatsika bwinobwino. Galimoto ndi chimodzimodzi. Ukaikweza, wakwezanso katundu yense amene ali pamwamba pake.

"Ndikudziwa zimene akakuchitire kumeneko. Akaika zidutswa za chitsulo pakati pa masipuling'i ndi ekiselo yogwira matayala, kutsogolo akakunga mabawuti. Thupi likwera, sindikukana. Koma masipuling'i ndi omwewa otopawa, mashoko ndi omwewa akufawa. Zili ngati kutenga nkhalamba yodwala mawondo ngati ine, kuiveka nsapato zagogoda, n'kuiuza kuti isenze thumba. Iima, anthu aomba m'manja. Koma taiuza iyende.

"Chaka cha mvula yambiri chija ndinakakoka galimoto yotereyi m'chigwa, kunjira ya kumpoto. Mnyamata wake sanali woledzera, sanali kuthamanga. Anangokhota monga ankakhotera masiku onse, osadziwa kuti galimoto imene akuyendetsa si ija anaizolowera. Dzina lake sindikuuza, mayi ake ali moyo ndipo umawadziwa.

"Ndiponso taganizira okwera ako. Si anyamata ampira. Ndi agogo, ndi amayi oyembekezera, ndi ana asukulu. Msana wakonso uuganizire. Thumba lililonse uzilikweza chikhatho china pamwamba pa pomwe ukulikwezera lero, m'mawa ndi madzulo, mpaka khofi atha."

Marleny anamvetsera maso ali pansi. Zikope zinkamulemera.

"Ndamva, a Don Anacleto. Koma khofi sadikira Lolemba. Ndikasowa masiku anayi, anthu onse apita kwa Rigo."

"Akapita abweranso. Khofi akasasa, chaka chamawa mitengo ibereka wina."

"Ndatopa kutsitsa matumba m'madzi. Ndatopa kusekedwa."

"Ndikuona kuti watopa," inatero nkhalamba ija mofatsa. "N'chifukwa chake ndikuti usasankhe lero. Munthu wotopa amasankha chapafupi. Koma chiwongolero ndi chako. Mwana akalirira nyanga ya msatsi, msemere imufotere yekha. Kungoti ine, ndi manja awa, zidutswa zimenezo sindiika."

Marleny anathokoza, nati akaganiza. Analiza galimoto. Pamphambano, njira yakumanzere inali yobwerera kumudzi. Iye anakhotera kumanja.

3. Maola awiri

Kwa Byron kunali nyimbo zaphokoso ndi chikwangwani chowala. Byron mwini wake anali wa zaka zosapitirira makumi atatu, wa malaya oyera ngati sagwira galimoto. Sanakwawire kunsi. Anangoizungulira kamodzi, n'kumenya tayala ndi phazi.

"Mlongo wanga, wabwera pamalo pake. Maola awiri basi. Ukatuluka muno, Rigo aziyang'ana kumwamba polankhula nawe."

"Nanga masipuling'i? A Don Anacleto akuti atopa."

"Madala amenewo chilichonse kwa iwo n'chotopa. Iwowo ndiye atopa. Vuto lako n'chiyani? Ikukhula pansi. Ndiye tiichotse pansipo. Nkhani yatha."

Marleny anayang'ana galimoto yake, yamatope, yogwa kumbuyo. Anayang'ana zikhatho zake zosupuka ndi matumba.

"Chitani," anatero.

Anakhala patayala lakale, msana atatsamira khoma. Ngakhale panali phokoso la nyimbo ndi nyundo, tulo tinamugwira pomwepo. Pamene Byron ankamugwedeza phewa, jeke inali itachotsedwa kale.

Poyamba sanaizindikire. Pikiapu inali itakwera chikhatho chathunthu ndi zala ziwiri. Pakati pa tayala ndi thupi pankatha kulowa mutu wa munthu. Kuti akwere, anachita kugwira chitseko n'kudzikoka.

"Koma siigwa?" anafunsa ali pampando.

Byron anaseka. "Igwa bwanji? Uzingokhota mwaulemu."

Ulendo wobwerera unali wopanda katundu. Pamtsinje anachepetsa liwiro, n'kudikira kumva chitsulo chikukhula mwala. Sanamve kanthu. Galimoto inatuluka m'madzi ngati ikudutsa pabwalo. Kwa nthawi yoyamba m'masabata awiri, Marleny anaseka yekha.

Pokwera phiri anaona chinthu china. Akakhota, galimoto inkaweramira kunja, ndipo njira ikawongoka inkapitiriza kuyendayenda uku ndi uku ngati bwato. Anachepetsa liwiro. Kenako anatsegula wailesi.

Ana a m'mudzi anaithamangira akukuwa. A Eusebio anali kumunda wa khofi ndi othyola. Atabwera anafunsa ngati galimoto yakonzedwa.

"Yakonzedwa, bambo," anayankha Marleny, n'kupita kukagona asanamufunse zambiri.

4. Lachisanu m'mawa

Tsiku limenelo a Eusebio anali ndi ulendo wokaonetsa maso kuchipatala. Anatuluka atavala chipewa chawo chabwino, n'kuyenda mpaka pagalimoto monga ankachitira nthawi zonse, osafuna wowagwira dzanja. Anatsegula chitseko n'kukweza phazi. Phazi linaponda m'malere.

Anaima. Anapapasa chitseko, anapapasa tayala. Kenako anagwada m'matope ndi buluku lawo lochapa, n'kulowetsa dzanja kunsi. Zala zawo zinapeza chidutswa cha chitsulo chatsopano pansi pa masipuling'i akale.

"Marleny."

"Bambo."

"Ntchito iyi si ya Anacleto."

"Iwo amati Lolemba, bambo. Ndinapita kwa Byron."

A Eusebio anadzuka pang'onopang'ono. Pabwalo panali patadzaza kale anthu. Panali matumba khumi ndi asanu, chifukwa khofi wa Lachinayi anali atagona osanyamulidwa, ndipo fungo losasa linali litayamba kumveka. Bambowo anatembenuzira nkhope kumatumbako.

"Tamvera," anatero motsitsa mawu kuti ena asamve. "Za kusamvera kwako tikambirana tikabwerako. Pakali pano matumba uwagoneke pansi, usawaunjike. Anthu akhale pansi, wina asaimirire. Galimoto imene ukuyendetsa lero sukuidziwa, ngakhale mpando uli womwewo. Ine ndinayenda nayo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndinkadziwa pamene imalekezera. Iyi palibe akudziwa, ngakhale amene anaikwezayo. Pamene unkadutsa ndi giya yachiwiri, lero udutse ndi yoyamba. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Koma matumba khumi ndi asanu sangagone pansi onse m'pikiapu imodzi. Anasanjikiza mizere itatu, wachitatu unapitirira zitsulo zam'mbali. Kukweza kwake kunali kowawa. Thumba limene kale ankangoligubuduzira kuchoka paphewa, tsopano ankachita kulikankhira m'mwamba anthu awiri. 

Anthu asanu ndi anayi anakwera. Malo okhala pansi panalibe, ndiye ena anakhala pamwamba pa matumba, ena anaimirira atagwira zitsulo.

A Doña Petrona anafika pomalizira ndi dengu lawo. Anayesa kukweza mwendo, osafika. Anayesanso.

"Iwe mwana, galimoto yadya chiyani usiku umodzi? Mawa ndibwera ndi makwerero."

"Khalani kutsogolo ndi bambo, agogo."

"Kutsogolo ndimasanza, ukudziwa. Tandinyamulani, anyamata inu, koma mazira angawa muwasamale kuposa ine."

Amuna awiri anawanyamula anthu akuseka. Anawakhazika pamalo awo a masiku onse, pakona yakumanja, msana atatsamira zitsulo, matumba ataunjikana pambali pawo.

5. Pokhota

Pamtsinje zinayenda bwino. Kumbuyo kunatsika ndi katundu, koma sikunakhudze mwala. Okwera anaimba mluzu, wina anamenya denga la galimoto ndi chikhatho. Pagalasi Marleny anaona pikiapu ya Rigo ikubwera chapatali. Hutala siinalire.

"Mwaona, bambo? Sitinatsike."

"Yang'ana njira," anayankha a Eusebio. Dzanja lawo linali litagwira chitseko zolimba.

Kupitirira mtsinje njira imakwera, kenako imatsika n'kukhotera kumanzere mozungulira chigwa. Kumanzereko ndi phompho, kumanja ndi khoma la dothi lofiira. Mvula inali itakumba ngalande m'mbali mwa khomalo. Madalaivala onse ankaidziwa. Ankakonda kuyandikira ngalandeyo kusiyana ndi kuyandikira phompho, ndipo tayala likagweramo galimoto inkangogwedezeka n'kupitirira.

Marleny anaika giya yoyamba monga anauzidwira. Sanathamange. Anakhota monga ankakhotera masiku onse.

Tayala lakumbuyo lakumanja linagwera m'ngalande. Galimoto inapendekeka. Marleny anadikira kuti ibwerere, koma siinabwerere. Inapitiriza kupendekeka, pang'onopang'ono, ngati mtengo wodulidwa umene sunaganize kogwera. Kumbuyo mayi wina anakuwa. Matumba apamwamba anaseserekera kumanja, anthu anatsatira matumba. Matayala akumanzere anachoka pansi.

"Usaponde buleki!" anafuula a Eusebio.

Anali ataponda kale. Pikiapu inagwera pakhoma la dothi ndi mbali yake yonse. Galasi linasweka. Marleny anagwera pa bambo ake, injini inatsokomola n'kuzima.

Kwa kanthawi kunangomveka mvula pamalata a galimoto. Kenako kulira kunayamba.

Marleny anatulukira pawindo lakumwamba, n'kukoka bambo ake. Anali atatemeka pamphumi, magazi akutsikira m'diso, koma anaima okha. Kumbuyo anthu ankadzuka m'matope mmodzimmodzi, akudzipapasa. Matumba awiri anali ataphulika, khofi ali psuu njira yonse.

"Agogo ali kuti? A Doña Petrona ali kuti?"

Anali pakona pawo pomwe paja. Matumba atatu anali atawagwera. Amuna anawachotsa mofulumira. Mayiwo sanalire, ankangopuma mwabefu. Mwendo wawo wakumanja unali utapindika pansi pa bondo, pamalo pamene mwendo supindika.

Rigo anafika akuthamanga. Nthabwala analibe. Anathyola matabwa awiri a bokosi la tomato, anavula malaya ake n'kuwang'amba, n'kumanga mwendowo mayiwo akuluma mpango wawo. Anabweza galimoto yake chafutambuyo mpaka pafupi. Inali ya msinkhu wamba, ndipo anthu anayi anangowalowetsa chogona osawakweza m'mwamba.

Marleny anagwira dzanja lawo. "Agogo, ndikhululukireni."

A Doña Petrona sanamuyang'ane. Maso awo anali kumitambo.

"Nkhuku zanga," anatero. "Ndikagona kuchipatala, nkhuku zanga azidyetsa ndani?"

Rigo anatseka chitseko chakumbuyo. Asanakwere anaima pafupi ndi Marleny, n'kulankhula motsitsa.

"Kuchipatala akandifunsa kuti wavulala bwanji, ndipo akaimbira apolisi. Ndi lamulo lawo. Sindingakaname, Marleny. Munthu akavulala chonchi, woyendetsa amapita naye."

6. Funso

Anthu anayi anapita ndi Rigo. Otsalawo anaitana amuna a m'minda yapafupi. Anamanga zingwe kuzitsulo za pikiapu, n'kukoka anthu khumi ndi awiri mpaka matayala akumanzere anabwerera pansi. Mbali yakumanja inali itaphwanyika kuyambira kuchitseko mpaka kumbuyo. Palibe amene ananena kuti akweranso.

Marleny anagwada m'njira n'kuyamba kutola khofi ndi manja, kumuthira m'thumba long'ambika. Khofiyo anali wamatope, wosagulitsika, koma iye anatolabe. Mvula inkamulowa m'khosi.

A Eusebio anakhala pathumba, mpango uli pamphumi.

"Bwera kuno, mwanangu. Siya zimenezo."

Marleny anabwera n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"A Don Anacleto anandiuza zonse, bambo. Za katundu, za masipuling'i, za okwera. Palibe chimene anasiya. Ine ndinamva, koma ndinapitabe."

"Ndikudziwa. Anacleto salola munthu kuchoka asanamuuze." Bambowo anapukuta magazi. "Koma nanenso tamvera zanga. M'mawa uja ndinagwira chitsulo chija ndi dzanja langa. Ndinadziwa chimene chili. Mawu anali amodzi okha, akuti lero galimoto siyenda. Sindinawanene. Ndinamva fungo la khofi akusasa, ndinaganiza za anthu ataima pabwalo, ndinaganiza za tsiku langa lakuchipatala. Ndinakupatsa malangizo a kayendetsedwe m'malo mokuletsa. Iwe unalakwa Lachinayi utatopa, ine ndalakwa Lachisanu nditagona bwino. Ndipo amene wathyoka mwendo sanalakwe tsiku lililonse. Galimoto yonyamula anthu ndi yotero. Wosankha ndi mmodzi, koma zotsatira zake zimagwera amene sanafunsidwe."

Marleny anabisa nkhope m'mawondo. Misozi siinatuluke. Anali atatopa kwambiri moti ngakhale kulira kunamukanika.

"Nkhuku zawo ndizikadyetsa ine," anatero patapita nthawi.

"Uzikadyetsa. Ndi nkhuni uzikawatolera, ndi madzi. Mpaka adzayende."

Cha m'ma 12 koloko, galimoto ya apolisi inatulukira kumunsi. Munatsika apolisi awiri. Wamkulu, bambo wonenepa wa ndevu zapamlomo, anazungulira pikiapu ija. Anayang'ana ngalande, anayang'ana matumba, kenako anawerama n'kuyang'ana kunsi. Anagogoda chidutswa chachitsulo chija ndi cholembera, n'kuyang'ana mnzake. Mnzakeyo analemba.

"Mayi amene wavulala uja ali m'chipinda cha opaleshoni," anatero wamkuluyo. "Fupa lathyoka pawiri. Galimoto iyi tiitenga. Mwini wake ndani?"

"Ndine," anayankha a Eusebio. "Eusebio Caal, wa ku Sebalam."

"Anthu analimo angati?"

"Khumi kumbuyo, awiri kutsogolo."

"Ndi matumba onsewa?" Wapolisiyo anapukusa mutu. Anatsegula tsamba lina m'kabuku kake. "Chabwino. Amayendetsa ndani?"

Marleny anadzuka.  Anatsegula pakamwa, koma dzanja la bambo ake linamugwira pamkono n'kumufinya mpaka kuwawa.

"Ndimayendetsa ndine," anatero a Eusebio.

 Amuna amene anakoka zingwe anayang'ana pansi. Mayi wina anagwira pakamwa.

Wapolisi analemba dzinalo, n'kuuza mnzake kuti atsegule chitseko chakumbuyo cha galimoto yawo. Kenako anakweza maso n'kuyang'ana mtsikana wamatope amene anaima pambali pa bamboyo.

"Nanga iwe, mtsikana, unali kutsogolo limodzi ndi bambo akowa?"

"Eya," anatero Marleny.

"Ndiye unaona zonse. Tandiuza, zimene anenazi n'zoona?"